Maso a nyama pa chithunzi: kuwakonza kuti aoneke amoyo

Munthu akapatsidwa chithunzi cha nyama, maso ake amathamangira pa diso la nyamayo asanaone china chilichonse. Ubweya ungaoneke bwino chotani, kumbuyo kungasalale bwanji, diso likangokhala lakuda bii chithunzicho chimazizira. N'chifukwa chake ambiri akangotsegula chithunzi pa kompyuta amafikira kukweza kuwala pa diso n'kuthirapo mtundu, mpaka mkango uja kutsala ndi maso a chidole. Chimene chimawasokoneza n'chakuti amakonza diso lonse mofanana, chikhalirecho diso lamoyo siliwala mofanana. Lili ndi mbali yowala, mbali yamthunzi, pakati pakuda ndi kadontho koyera, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafuna dzanja lakelake.

Mmene kuwala kumakhalira m'diso

Kutsogolo kwa diso kuli khungu loonekera mkati, lotukumukira kunja. Kuwala kukafika pamenepo kumagawika. Kwina kumanjanja n'kubwerera ku kamera, ndipo kumeneko ndiko kumapanga kadontho koyera kamene ojambula amakatcha catchlight. Kwina kumalowa, n'kupindika, n'kukagwera pa mkombero wamtundu wozungulira mboni (pakati pakuda pa diso), umene m'mapulogalamu mumaupeza utalembedwa kuti iris. Chifukwa cha kupindikako, mbali ya mkombero imene imawala kwambiri ndi yakutsidya kwa kadontho koyera, osati yoyandikana nako. Liyerekezeni diso ndi wotchi. Kadontho kakakhala pa 10 koloko, kuwala kwa mkombero kuyembekezereni cha pa 4 koloko; kakakhala pa 1 koloko, kuwalako kuli cha pa 7. Tengani chithunzi cha kadzidzi kapena nyalugwe chojambulidwa dzuwa lili chapambali, mukulitse diso, muziona nokha zimenezi.

Kumtunda kwa mkombero kumakhala mthunzi wochokera ku chikope ndi ku fupa la pamwamba pa diso. Ziombankhanga ndi akabawi ali ndi fupa limeneli lotulukira kutsogolo kwambiri, ndipo mthunzi wake ndiwo umawapatsa nkhope yaukali ija. Mukauchotsa poti mukufuna diso lonse lioneke, mbalameyo imangooneka yodzidzimuka, ukali wonse watha. M'mphepete mwa mkombero mumadutsa kamzere koderako kamene kamalekanitsa diso ndi khungu. Pakati pali mboni, imene iyenera kukhala pakati pa malo akuda kwambiri pa nkhope yonse.

Diso limakoka munthu chifukwa chakuti chakuda kwambiri ndi choyera kwambiri zakumana pa kamalo kakang'ono. Ntchito yonse yokonza ndi yolimbikitsa kusiyana kumeneku pamalo pamene kuwala kunakuika kale.

Musanalikhudze diso

Choyamba kulitsani chithunzi pa 100 peresenti, muone ngati disolo linagwidwa bwino. Malenzi aatali amasiya kadanga kochepa kwambiri kamene zinthu zimaoneka bwinobwino. Lenzi ya 600 mm itatseguka kufika pa f/4, pa kamera ya sensa yaikulu yotchedwa full frame, nyama ili pa mtunda wa mamita 10, imapereka masentimita 6 kapena 7 okha. Nyamayo ikayandikira kufika pa mamita 5, kadangako sikakwana masentimita 2. Kuchokera pa mphuno ya mkango kukafika pa diso ndi patali kuposa pamenepo, ndiye kamera ikagwira mphuno, diso latayika. Kadontho koyera kamakuuzani chimene chinachitika. Kakakhala ndi malire akuthwa, diso lili bwino. Kakakhala kobulungira koma kofufuma m'mbali, kamera inagwira pena. Kakatalika kukhala kamzere, nyama inasuntha kapena dzanja linagwedera, ndipo liwiro la shutter, chitseko cholowetsa kuwala mu kamera, linachepa. Ziwiri zomalizazi palibe pulogalamu imene ingazichiritse kwenikweni. Ngati munajambula zithunzi zingapo motsatizana, sankhani china chimene diso lili lakuthwa, ngakhale mchira kapena phiko lisanakhale bwino ngati pa choyambacho.

Chachiwiri ndi mtundu wa fayilo. Diso nthawi zambiri limakhala mumthunzi, ndipo kukweza mthunzi kumafuna fayilo yokhala ndi zambiri mkati. Fayilo ya RAW, yosunga zonse zimene kamera inagwira, ikakhala ya 14 bit imasunga magawo 16,384 a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene JPEG imasunga 256. Pa JPEG mkombero wakuda mukaukweza umasweka kukhala timabokosi ndi mabala a mitundu yachilendo, chifukwa kamera inataya kale zimene zinali mumdimamo pofuna kuchepetsa fayilo. JPEG imakonzeka ndithu, koma manambala onse ali m'munsimu muwachepetse ndi theka.

Chachitatu ndi dongosolo. Malizani kaye chithunzi chonse mu Lightroom Classic, pulogalamu yokonzera zithunzi imene tigwiritse ntchito pano: White Balance, Exposure, Highlights, Shadows, kudula, ndi kuika chizindikiro pa Remove Chromatic Aberration. Ngati ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala, inali yokwera, chotsani panthawi imeneyi timadontho tonga mchenga totchedwa noise. Denoise ya mu Lightroom, imene inabwera mu 2023, imayambira pa 50, koma pa diso laling'ono la mbalame nambala imeneyi nthawi zina imasalaza timizere ta mu mkombero; yesani 30 kapena 35 n'kufanizira. Diso libwere pomalizira. Mukayamba ndi diso kenako n'kukweza Shadows ya chithunzi chonse ndi 40, diso lija lalandira kawiri, ndipo simudzazindikira pamene zinthu zinapitirira.

Kugawa diso mu Lightroom

Gawo la Masking, limene mumasankhira malo oti mukonze paokha (malo osankhidwawo ndiwo mask), lili ndi batani losankha lokha Iris and Pupil, koma limeneli linapangidwira nkhope za anthu. Select Subject imasankha nyama yonse. Pa diso la nyama ntchito ndi yamanja, ndipo ine ndimaona kuti kuteroko n'kwabwino, chifukwa mask yosankha yokha imatenga mkombero wonse, chinthu chimene tikufuna kupewa.

Kulitsani chithunzi pa 200 kapena 300 peresenti. Dinani K kuti mutenge burashi. Kukula kwake kukhale kochepera pang'ono pa mtunda wa pakati pa mboni ndi m'mphepete mwa mkombero. Feather, kufewa kwa m'mbali mwa burashi, ikhale pakati pa 70 ndi 100, Flow, kuchuluka kwa zimene imapaka ikadutsa kamodzi, pa 15 kapena 20, Density pa 100. Auto Mask muizimitse. Ikakhala yoyaka imatsata mtundu umodzi n'kudumpha timizere toderako ta mu mkombero, ndipo mukakweza kuwala pamatuluka timabowo. Dinani O kuti muziona pamene mwapaka. Pakani mokhota, motsata mkombero, mbali yakutsidya kwa kadontho koyera, n'kubwerezabwereza pakati pa khotolo kuti pamenepo pakolere kwambiri, kunsonga kuzizilala. Chigawo chapamwamba, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a mkombero, musachikhudze. Mukapitirira n'kulowa pa mboni kapena pa chikope, gwirani Alt, kapena Option pa Mac, burashi isanduka chofufutira.

Pa mask imeneyi yambani ndi Exposure pa +0.30. Kumbukirani kuti +1.00 ndi kuwirikiza kuwala kawiri, ndiye +0.30 si pang'ono monga mmene nambalayo ikuonekera. Si kawirikawiri kuti mufunike kupyola +0.60. Kenako kwezani Whites ndi 10 kapena 15. Apa ambiri amasankha Shadows, ndipo mpamene diso limafera. Mkombero uli ndi timizere towala ndi timizere takuda tochokera pa mboni kupita m'mphepete. Shadows imakweza timizere takuda n'kutifananitsa ndi towala, mkombero n'kukhala mtundu umodzi wosalala wotuwa. Whites imakweza towala tokha n'kusiya takuda pamene tili, motero timizereto timaonekera bwino. Texture pa +10 mpaka +20 imathandiza pa maso aakulu, monga a kadzidzi, a ng'ona kapena a chule. Clarity muisamale: ikapyola 10 kapena 15 imadetsa m'mphepete mwa mkombero n'kupanga mzere wokhuthala umene diso linalibe.

Mask yachiwiri ndi ya mboni. Pangani yatsopano, musapitirize pa yoyamba ija. Feather itsike kufika cha pa 30 chifukwa malire a mboni ndi akuthwa. Tsitsani Blacks ndi 15 mpaka 30. Ngati mu mboni mukuoneka timadontho tofiira ndi tobiriwira, tsitsaninso Saturation ndi 30 kapena 40. Chofunika kwambiri pano ndi kutsata mmene mboniyo inalengedwera. Mkango, nyalugwe ndi kakwiyo ali ndi mboni yobulungira. Mphaka woweta ndi ng'ona ali ndi yoimirira. Mbuzi, nswala, mbidzi ndi nyama zambiri zodya udzu zili ndi yopingasa. Mukadina kamodzi ndi burashi yaikulu pakati pa diso la nswala, mwaipatsa mboni yobulungira, ndipo amene amazidziwa nyama aona kuti pali chalakwika ngakhale asanadziwe kuti n'chiyani. Ndi burashi yomweyo, Flow itatsitsidwa kufika pa 10, mungadutse kamodzi m'mphepete mwa mkombero ndi pa mthunzi wa chikope ngati zinazilala pokonza chithunzi chonse.

Pali nthawi zina pamene diso lonse, zikope ndi khungu lozungulira zili mumthunzi waukulu, monga dzuwa likakhala paliwombo. Mukawalitsa mkombero wokha pamenepo, umaoneka ngati wayatsidwa kuchokera mkati mwa mutu. Yang'anani tsaya la pansi pa diso: ngati lili mumdima, diso silingawale ngati lili padzuwa. Apa pangani mask yachitatu ndi Radial Gradient, mask yobulungira imene imabwera mukadina Shift ndi M, yaikulu kuwirikiza kawiri kapena katatu kukula kwa diso, Feather pa 80 kupita mtsogolo, Exposure +0.15, Shadows +15. Imeneyi imakweza malo onse pang'ono kuti mkombero ukhale ndi pokhala.

Maso onse awiri akamaoneka, musakopere mask ya diso limodzi n'kuiika pa linzake momwemo. Diso la mbali ya mthunzi liyenera kutsala loderako kuposa la mbali ya dzuwa. Lipatseni theka la zimene mwapatsa linzakelo. Ndipo ngati diso lakutali linatuluka kunja kwa kadanga kaja n'kufufuma, musalinole.

Kutsitsa zimene zikulimbana ndi diso

Nthawi zambiri diso silioneka chifukwa pali china chowala kuposa ilo chimene chikulanda maso a woonera: tsamba lonyezimira kumbuyo kwa khutu, chifuwa choyera cha mbalame, mwala wowala pansi pa mapazi, kapena thambo loyera loonekera pakati pa nthambi. Tsinzinirani pang'ono poyang'ana chithunzicho. Chimene chatsala chikuwala ndicho woonera ayambire kuona. Ngati sichili pa nkhope, chitsitseni.

Gwiritsani Select Background, kapena Select Subject n'kuitembenuza ndi Invert, mutsitse Exposure ndi 0.20 kapena 0.30, Highlights ndi 20, Saturation ndi 5 kapena 10. Yenderani malire a mask pa 100 peresenti, makamaka pa ndevu za mphaka, pa manyenje a mkango ndi pa nthenga za pamutu, chifukwa mpamene pamatsala kamzere kowala kozungulira nyama mukatsitsa kumbuyo kwambiri. Pa thupi la nyama, Radial Gradient yaikulu yozungulira nkhope, yotembenuzidwa, pa Exposure ya -0.15, imatsogolera maso kumutu popanda aliyense kuzindikira. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse chifukwa siwonjezera noise ngakhale pang'ono: kudetsa kumabisa timadontho, kuwalitsa ndiko kumatiulula. Kawirikawiri mukatsitsa zozungulira mupeza kuti +0.30 ija pa mkombero yachuluka, n'kuibweza pa +0.20.

Mtundu wa diso si wongosankha

Kukweza Exposure ndi Whites kumakoleza kale mtundu, ndiye Saturation isapyole +5 mpaka +15, ndipo nthawi zambiri siifunika n'komwe. Maso achikasu ndi a olenji ndi amene amawonongeka msanga. Mtundu wofiira mu fayilo umadzaza mitundu ina isanadzaze, ndipo ukadzaza timizere ta mu mkombero timasowa, n'kutsala banga limodzi lowala. Mukaona kuti timizere tikuzimirira pamene mukukweza Saturation, mwapyola kale, bwererani.

Hue musaikhudze. Mtundu wa diso ndi chizindikiro cha mtundu wa nyama, ndipo nthawi zina cha msinkhu wake. Ana a mkango amayamba ndi maso otuwa mosakanikirana ndi buluu, kenako m'miyezi yoyambirira amasanduka achikasu choderako. Chiombankhanga cha mutu woyera cha ku North America chimakhala ndi maso abulawuni chili chaching'ono, ndipo amayera n'kukhala achikasu chikakula. Nkhwazi ili ndi maso abulawuni. Kuipatsa achikasu poti ndi mmene ambiri amaganizira chiombankhanga ndi kunama. Anthu oona mbalame amadalira zinthu ngati zimenezi pozindikira chimene akuona, ndipo chithunzi chanu chikhoza kufika kwa iwo.

Chimene mungakonze ndi mtundu wobwera ndi malo. Diso lili mumthunzi limalandira kuwala kochokera ku thambo, kumene ndi kwabuluu, ndipo mkombero wachikasu umaoneka wobiriwira motuwa. Pa mask ya mkombero kwezani Temp ndi 5 mpaka 10. Nyama ili pansi pa masamba imalandira zobiriwira. Kwezani Tint pang'ono kupita ku mbali yapepo. Choyezera chanu chikhale chithunzi china cha nyama yomweyo itatembenukira ku dzuwa.

Kwa anthu, okonza zithunzi amayeretsa mbali yoyera ya diso. Pa nyama zambiri mbali imeneyi siioneka, ndipo pamene ikuoneka imakhala yabulawuni kapena yachikasu, ya timitsempha tofiira. Isiyeni choncho. Nyani woyeretsedwa maso amaoneka ngati munthu wovala chigoba.

Kadontho koyera

Kadontho kameneka ndi chithunzi cha gwero la kuwala. Dzuwa limapanga kakang'ono, kowala kwambiri, kakuthwa. Tsiku la mitambo limapanga banga lalikulu lozilala kumtunda kwa diso. Pa maso aakulu akuda a nswala kapena kalulu mumatha kuona thambo lonse, mzere wa mitengo, ngakhale galimoto imene wojambula anakhalamo. Zimenezi n'zokongola ndipo musazifafanize podetsa mboni, pakani mozungulira.

Polimbikitsa kadontho kamene kalipo kale, pakani pamenepo ndi burashi yaing'ono, kenako pa mask yomweyo sankhani Intersect ndi Luminance Range, n'kudina pa kadonthoko. Mukatero mask imagwira powala pokha, osasefukira pa mboni. Kwezani Whites ndi 20 kapena 30, kapena Exposure ndi 0.40. Ngati m'mbali mwake muli kamzere kapepo kapena kobiriwira, kamene malenzi amapanga pamene choyera chakumana ndi chakuda, kwezani Defringe pa mask yomweyo kapena tsitsani Saturation pa kamzereko.

Kujambula kadontho pamene panalibe ndi nkhani ina. Amene amatero nthawi zambiri amakaika pakati penipeni pa diso, kobulungira bwinobwino, koyera mbee, kofanana m'maso onse awiri, pamene mithunzi ya pa nkhope ikusonyeza kuti dzuwa linali kumbuyo kwa nyama. Dzuwa likakhala kumbuyo silingaoneke m'diso loyang'ana kamera. Kupatula kuoneka kwake, pali nkhani ya chilungamo. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, umene umayendetsedwa ndi Natural History Museum ya ku London, umalola kuwalitsa ndi kudetsa mbali za chithunzi, koma sulola kuwonjezera kapena kuchotsa zinthu, ndipo oweruza amafunsa fayilo yoyambirira ya zithunzi zimene zafika patali kuti afanizire. Malire amenewo ndimawaona kuti ndi abwino ngakhale kwa munthu amene sakulowa mpikisano uliwonse. Musanafooke, kwezani Exposure ya chithunzi chonse ndi +2 kwa kamphindi, muyang'ane m'diso. Kawirikawiri mupeza kabanga kozilala ka thambo kumtunda kwa diso kamene simumakaona. Bwezani Exposure, n'kulimbikitsa kameneko.

Maso ovuta

Njovu, njati ndi mbalame zing'onozing'ono zambiri zili ndi maso oderako kwambiri. Diso la njovu ndi laling'ono poyerekeza ndi mutu, lili mkati mwa makwinya, ndipo nsidze zake zazitali zimaliphimba. Dzuwa la m'mawa kapena madzulo likalowa chapambali, mtundu wake wofiirira umaoneka, ndipo +0.30 imaubweretsa bwino. Dzuwa likapanda kulowa, mukhoza kukweza mpaka +2 koma chotuluka ndi banga lotuwa lodzaza noise. Zikatero lolani diso likhale lakuda, mugwire ntchito pa zozungulira: kamzere konyowa ka pa chikope chapansi, nsidze, ndi makwinya. Pa mbalame yaing'ono ya diso lakuda, kadontho koyera ndi nthenga zozungulira diso ndizo zimachita zonse.

Mbalame, ng'ona ndi nyama zina zili ndi chikope chachitatu, kakhungu kopyapyala kamene kamadutsa pa diso chopingasa. Kamera yojambula zithunzi zambiri pa sekondi imakagwira kawirikawiri, makamaka mbalame ikamadya, ikamatera kapena ikamalowa m'madzi. Diso limaoneka lotuwa ngati lachita ng'ala. Dehaze ndi Blacks zimangolidetsa osabweza mkombero. Onani zithunzi zoyandikana nacho. Chimodzi chakutsogolo kapena chakumbuyo chimakhala ndi diso lotseguka.

Usiku, amphaka, afisi, nswala, ng'ona ndi achanga amanyezimira maso akaunikiridwa, chifukwa kuseri kwa diso lawo kuli kakhungu kobweza kuwala kotchedwa tapetum lucidum. Tochi kapena flash ikakhala pafupi ndi lenzi, kuwalako kumabwerera molunjika mu kamera, mboni n'kukhala yobiriwira kapena yoyera. Lightroom ili ndi Pet Eye mkati mwa chida cha Red Eye Correction, imene imadetsa mboni. Chotsani chizindikiro pa Add Catchlight chifukwa imaika kadontho kopeka. Ngati kunyezimirako kwasefukira pa mkombero wonse, palibe chotsala choti mubweze, ndipo ndi bwino kungotsitsa Highlights pang'ono n'kusiya chithunzicho chikhale cha usiku monga chinalili.

Kunola

Kunola kumagwira ntchito powonjezera kusiyana pa malire a zinthu, mbali yowala iwalirepo, yakuda iderepo. Kukachuluka, pa malire pamatuluka kamzere koyera, ndipo pa diso kamayambira pa chikope ndi m'mphepete mwa mboni. Mu gawo la Detail, Amount ya 40 mpaka 60 ndi Radius ya 0.8 mpaka 1.0 zimakwanira pa mafayilo ambiri. Gwirani Alt pokoka Masking: chithunzi chisanduka chakuda ndi choyera, ndipo poyera pokha mpamene pakunoledwa. Kokani mpaka kumbuyo konse kutada, nthawi zambiri cha pa 60 mpaka 80. Kenako pangani mask ina yogwira diso, zikope, nsidze ndi ubweya wapafupi, muike Sharpness pa +15 mpaka +25. Ikhale yokulirapo kuposa diso ndiponso yozilala m'mbali. Diso lakuthwa kwambiri pakati pa nkhope yofewa limaoneka lomata.

Mukamaliza, dinani batani la backslash kuti muone chithunzi mmene chinalili poyamba. Maso amazolowera msanga, ndipo mukakhala mphindi 10 pa 300 peresenti chilichonse chimaoneka chabwinobwino. Chokanipo kaye, mukabwerera muyang'ane chithunzi chonse osakulitsa. Ngati chinthu choyamba kubwera m'mutu n'chakuti diso lakonzedwa, mask iliyonse ili ndi Amount yake; itsitseni kuchoka pa 100 kufika pa 60 kapena 70 m'malo moyambiranso.

Mapulogalamu ena

Mu Photoshop, tsegulani chithunzi pa 16 bit, mupange Curves adjustment layer, chosanjikiza pamwamba pa chithunzi chosinthira kuwala ndi mzere, mukweze pakati pa mzerewo, mudine Ctrl ndi I kuti mask ide, kenako mupake ndi burashi yoyera yofewa pa Flow ya 3 mpaka 5 peresenti. Pangani ina yotsitsa ya mboni ndi mthunzi. Sinthani zonse ziwiri zikhale pa Luminosity, apo ayi Curves imakolezanso mtundu mosafunsidwa. Chida cha Dodge musachigwiritse pa chithunzi chenichenicho chifukwa simungabwerere mukatseka fayilo. Ponola, koperani layer, muike High Pass ya 1 kapena 1.5, muisinthe ikhale Soft Light, n'kuionetsa pa diso pokha.

Mapulogalamu aulere aliponso. Mu darktable mungatsegule exposure yachiwiri n'kuipatsa mask yojambula pamanja, ndipo GIMP ili ndi Curves ndi ma layer mask. Pa foni, Snapseed ili ndi Brush imene ili ndi Exposure yake; kulitsani chithunzi mpaka pamapeto musanapake, chifukwa chala n'chachikulu kuposa diso la mbalame. Chida cha Selective chimafalikira ku malo a mtundu wofanana, ndiye pa mkango, umene ubweya ndi diso n'zoyandikana mtundu, chimawalitsa nkhope yonse mukapanda kuchepetsa bwalo lake.

Potulutsa chithunzi

Zonse mwachita pa 300 peresenti ziyenera kupirira kuchepetsedwa. Tinene kuti chithunzi chanu n'cha mapikiselo 6,000 m'lifupi ndipo diso latenga 90. Mukachichepetsa kufika pa 1,080, diso latsala ndi mapikiselo 16. Timizere ta mu mkombero tasowa. Chotsala ndi zinthu zitatu, mboni yakuda, khoto lowala ndi kadontho koyera. Ngati zitatuzi zili m'malo mwake diso lioneka ngakhale pa foni. Ngati munadalira Texture ndi Saturation, palibe chotsala koma banga la olenji.

Tulutsani mu dongosolo la mitundu la sRGB, chifukwa Adobe RGB ndi ProPhoto zimaoneka zozilala pa mapulogalamu osazizindikira, ndipo maso achikasu ndi ofiira ndiwo amayamba kutuwa. Pa Facebook mapikiselo 2,048 ku mbali yaitali amakwanira. Output Sharpening ikhale pa Screen, Standard kapena Low. High imabweretsa kamzere koyera pa chikope. Sikirini yanu ikakhala yowala kwambiri mumakonza zithunzi zakuda osadziwa, ndiye itsitseni kufika pakatikati musanayambe, ndipo chithunzi chotuluka muchione pa foni imodzi kapena ziwiri. Chopita kukasindikizidwa chikhale ndi fayilo yakeyake. Pepala siliwala lokha monga sikirini, mithunzi imada kwambiri, ndipo mask ya malo ozungulira diso ija imafunika kuikweza ndi 0.10 kapena 0.20. Sindikizani kaye kachigawo ka nkhope kokha pa kukula kwenikweni, pa pepala lomwelo, musanatulutse chachikulu.